Tili Kuti Lero, Bambo Dawes?

Takondwa ndi Mwayi, ana anga, mwakhala mukundiuza kuti ndilembe za ntchito imene ndinagwira muno mu London. Tsopano ndapuma, mawondo akana, ndiye nthawi ndili nayo. Ndilemba m'Chichewa chifukwa ndi mmene ndingathe kulongosola zinthu bwino. Pamene pakuvutani kuwerenga mukafunse azakhali anu. Za ubwana wanga ku Balaka ndinakuuzani kale, ndipo mukudziwa kuti sukulu ndinalekera Sitandade 6.

Peckham, zaka zitatu zoyamba

Ndinafika kuno ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, kutsatira bambo anu amene anatsogola zaka ziwiri m'mbuyomo. Tinkakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo yogulitsa nsomba zouma ndi chinangwa. Ntchito yanga yoyamba inali yokolopa m'maofesi. Bwana wake anali munthu wa kampani yaing'ono, ankatipatsa botolo limodzi la sopo kuti likwane sabata yonse m'nyumba ya nsanjika zinayi. Likatha Lachitatu tinkathira madzi m'botolomo n'kumagwedeza kuti thovu lioneke. Sindinadandaule. Chizungu ndinachiphunzira m'mabasi ndi pawailesi, cha pakamwa chokha. Kulemba kunandikanika, ndipo ndinkabisa. Fomu iliyonse ndinkabwera nayo kunyumba kuti bambo anu andilembere.

Mayi wina wa kutchalitchi ndiye anandiuza kuti ku Romford, kunyumba yosungira okalamba, akufuna munthu wochapa. Chaka chomwecho tinapeza nyumba ku Thamesmead. Ulendo wopita kuntchito unali wa basi, kuwoloka mtsinje, kenako sitima yapamtunda, pafupifupi maola awiri. Ndinayenda njira imeneyo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Romford, nthawi ya Mayi Brennan

Nyumbayo inali ya nsanjika ziwiri, kufupi ndi msika. Manijala wake anali Mayi Brennan, nesi wa ku Ireland, wamawu akuluakulu, wokonda kutukwana makina akawonongeka, koma wosasunga mkwiyo. Ndinachapa zaka ziwiri m'chipinda chapansi, ine ndi makina atatu, amodzi akufa. Tsiku lina anthu awiri sanabwere kuntchito. Mayi Brennan anatsika n'kunena kuti, "Esnart, manja uli nawo awiri? Siya mapilowo, tiye." Kuyambira pamenepo ndinakhala wosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Maphunziro ake ndinakhoza chifukwa ambiri anali ochita ndi manja. M'buku lolembamo za tsiku ndinkalemba mawu omwewomwewo amene ndinawaloweza: wasamba, wadya, ali bwino.

Antchito sanali kukwana chaka chilichonse chimene ndinakhalako. Nthawi zambiri tinali awiri pakhonde lonse lapansi, ine ndi Beauty. Beauty ndi wa ku Chipata koma anakulira ku Lusaka, msinkhu wathu ndi umodzi, ndipo anayamba ntchitoyo ine ndisanafike. Matawulo ankasowa, magolovesi ankatha mwezi usanathe, ndipo tinkabisa bokosi lathu kuseri kwa thanki ya chimbudzi kuti a pamwamba asatibere.

Chaka chimene Bambo Dawes anabwera

Bambo Dawes anabwera ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, akazi awo atangomwalira. Anawabweretsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Susan, mphunzitsi wa kusekondale, ndipo anapatsidwa chipinda nambala 9. Anali ndi matenda oiwala a ukalamba. Masiku ena mutu unkakhala bwinobwino, ankawerenga nyuzipepala n'kumanyoza boma. Masiku ena ankadzuka osadziwa kumene ali. Anali munthu wamfupi wa manja akuluakulu, ndipo mphamvu zinali zisanawathere. Sabata yoyamba anakana kusamba masiku asanu, n'kumagona ndi nsapato.

Beauty anabwera kukhitchini m'mawa wina yunifomu itanyowa ndi tiyi. "Imwe ba Esnart, uyu mudala wa mu nambala 9 nizamusiya ine. Namuuza ati tiyeni mukasambe, akuti iyayi, tizamira. Tizamira kuti? Mu Romford muli nyanja?"

"Mwina akunena bafa," ndinatero ine.

"Bafa ya madzi yofika mu kakolo? Yendani imwe, muli na mutima wa m'busa."

Ndinapita. Pakhoma la chipinda chawo Susan anali atapachika chithunzi cha sitima yapamadzi, yotuwa, yaitali, yopapatiza, ya mfuti kutsogolo ndi kumbuyo. Pansi pake panali mawu ambiri amene sindinathe kuwerenga. Tsiku limenelo sindinawakakamize, ndinangowapukuta kumaso ndi m'manja. Patapita masiku awiri ndinawapeza mutu uli bwino, ndipo ndinawafunsa za chithunzicho. Anayankhula mpaka tiyi anazizira. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse labwino ankandiuza pang'ono ndikamawameta ndevu, ine n'kumasunga m'mutu.

Sitimayo inali yankhondo, yamtundu umene amautcha disitiroya. Ntchito yake inali kuperekeza sitima zikuluzikulu ndi kusaka zija zoyenda pansi pa madzi. Dzina lake sindilemba, chifukwa banja lawo lilipo. Anaikhoma ku Scotland nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Maulendo ake oyamba anali operekeza sitima za katundu kupita ku Russia kudzera kunyanja yakumpoto, kumene madzi akawaza pachitsulo amauma pomwepo, anthu n'kumawaswa ndi nyundo kuti sitima isalemere mbali imodzi. Bambo Dawes anakwera ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Iwo sanagwirepo mfuti. Malo awo anali pansi penipeni, kumoto, kumene amawiritsa madzi kuti nthunzi iyendetse injini. Nkhondo itatha sitimayo anaimangirira padoko zaka zambiri, mfuti zitakutidwa, anthu ochepa okha n'kumaipala dzimbiri. Kenako boma linaikonzanso n'kuitumiza kum'mawa, ku Singapore ndi ku Hong Kong, kumene inakhalitsa. Chakumapeto anaituma kukayima kunja kwa doko la Beira, kutchinga sitima zobweretsa mafuta opita ku Rhodesia, nthawi ija azungu a kumeneko anakana kumvera Britain. Itakalamba anaigulitsa kwa ophwanya zitsulo. Bambo Dawes anasinthidwira kusitima zina kangapo, koma kuiyi anabwererako katatu, ndipo zinazo sankazitchula n'komwe.

Atatchula Beira ndinaima ndi lezala m'manja. Agogo anu aamuna, bambo anga, ankagwira ntchito yonyamula katundu kunjanji, ndipo ankafika ku Beira. Ankatiuza tili ana za sitima zotuwa zimene zinkaoneka kutali panyanja, osalowa padoko, osachokanso. Ndinawauza Bambo Dawes zimenezi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye bambo ako ankationa, Esi! Ankationa tikuwotcha mafuta a boma kupita uku, kubwerera uku, osagwira ngakhale bwato la asodzi." Ankanditcha Esi, ndipo palibe wina anandiitanapo choncho.

Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti masiku awo oipa sanali osokonekera chisawawa. Akadzuka osadziwa Romford, ankakhala ali pasitima ija, pamalo amodzi mwa malo anayi, ndipo malo alionse anali ndi khalidwe lake. Ndiye m'mawa uliwonse ndikalowa ndinkafunsa kuti, "Tili kuti lero, Bambo Dawes?" Akandiyang'ana ngati ndapenga n'kunena kuti Romford, ndinkadziwa kuti tsiku ndi labwino. Akagona ndi nsapato n'kumapempha koko wolimba, chakumwa chotentha cha chokoleti, tinali kumpoto. Kumeneko munthu sankavula, chifukwa sitima ikaphulitsidwa panalibe nthawi yovala. Tsiku lotere sindinkatchula za kusamba. Ndinkawapukuta pomwe pakuoneka, kuwasintha zamkati mofulumira atafunda bulangeti, n'kuwauza kuti tisamba tikafika. Akakhala chete n'kumakanda chitsulo cha bedi ndi chikhadabo, tinali padoko, ndipo ndinkawapatsa masupuni ndi kansalu kuti apukute. Akafunsa ngati ndege yaponya makalata, tinali ku Beira, kumene makalata ankawaponyera panyanja. Tsiku limenelo ankangotopa ndi kukhala, ndipo positikhadi yakale iliyonse inkawakhazika mtima pansi. Akadandaula za kutentha n'kufuna kabudula woyera wosita, tinali kum'mawa, ndipo ankapempha okha kusamba.

Sindinawanamizepo kuti tili pasitima. Ndinkangofunsa, iwo n'kundiuza. Mayi Brennan anaona kuti Bambo Dawes asiya kuponya makapu, ndipo anati, "Sindikudziwa chimene ukuchita, koma nambala 9 ndi wako." Zonsezi sizinalembedwe paliponse. Zinali m'mutu mwanga, chifukwa kuti ndizilembe ndikanayenera kuulula kuti sinditha.

Chaka chachiwiri cha Bambo Dawes

Masiku a kum'mawa ankaoneka osavuta kuposa onse, ndipo ndi amene anandipusitsa. M'mawa wina anapempha okha kusamba. Ndinawalowetsa m'bafa, ndinatsegula madzi otentha, nthunzi inadzaza, ndipo ndinatseka chitseko monga mwa lamulo, kuti munthu asaonedwe ali maliseche. Chitangoti khu, anatembenuka n'kuyamba kuchimenya ndi zibakera, akukuwa dzina lakuti Len. Anandikankha ndinagwera pasinki. Pomwe ndinkatsegula, manja awo anali magazi okhaokha.

Mawa lake anadzuka ali ku Romford. Anayang'ana mabandeji n'kufunsa chimene chinachitika. Ndinawauza zonse, ndi dzina lija. Ine ndinayamba kupinda zovala. Kenako anati ndikhale pansi.

Anandiuza kuti ali kum'mawa, osati pankhondo, tsiku wamba dzuwa lili phwee, paipi ya mafuta inaphulika m'chipinda chamoto ndipo moto unabuka. Iwo anali pafupi ndi makwerero, anatuluka. Anthu awiri anatsala mkati. Mkulu wawo analamula kuti atseke chitseko chachitsulo kuti moto usafalikire sitima yonse, ndipo amene anali pachitsekopo anali iwowo, Bambo Dawes. Anatseka n'kumanga zogwirira zake zonse. Atamanga anamva kugogoda mkati. Sanatsegule. Pofufuza za ngoziyo anawafunsa ngati anamva kanthu, iwo anati ayi. Mmodzi mwa awiriwo anali Len, mchimwene wa akazi awo, amene iwo eni anamukopa kuti alowe ntchito yapanyanja. Atabwerera kuno anauza akazi awo kuti Len anafa nthawi yomweyo osamva ululu, ndiponso kuti iwo anali kumtunda kwa sitima pamene zinkachitika. Anakhala ndi mayiwo zaka zoposa makumi asanu, ndipo mawu amenewo sanawasinthe.

"Mkulu uja anachita bwino," anatero. "Tikanatsegula tikanapsa tonse. Zimenezo ndikudziwa. Koma ndinamva, Esi." Kenako anandigwira dzanja ndi bandeji yawoyo. "Susan asadziwe. Ali ndi chithunzi cha Len pakhoma kwawo. Wina aliyense asadziwe. Lonjeza."

Ndinalonjeza. Kuyambira pamenepo ndikawasambitsa ndinkasiya chitseko chotsegula, n'kuimika chotchinga chansalu pakhomo. Mayi Brennan anadutsa tsiku lina, anayang'ana chitsekocho, anandiyang'ana ine, n'kupitirira. Masiku amene ndinali pa ofu, Beauty sankawasambitsa, ankadikira ine. Tinayenda choncho zaka zitatu.

Nthawi ya Mayi Shah

Mayi Brennan atapuma ntchito, nyumbayo inagulidwa ndi kampani yaikulu, ndipo anatitumizira Mayi Shah. Anali mayi wodekha, wosakweza mawu, ndipo chilichonse ankafuna chikhale papepala. Sanali munthu woipa. Magolovesi anasiya kusowa nthawi yawo. Koma anaika zitseko zodzitsekera zokha chifukwa cha malamulo a moto, ndipo anati wokalamba aliyense azisamba pa tsiku lake lolembedwa, kaya alipo ndani. Antchito aganyu ochokera kumakampani ena anachuluka, lero uyu, mawa wina.

Loweruka lina ndili pa ofu, bambo wina waganyu anawatenga Bambo Dawes kukasamba. Anali atapempha okha, ndiye munthuyo sanaone vuto. Chitseko chinadzitsekera. Bambo Dawes anamumenya ndi chitsulo cha shawa n'kumuthyola dzino. Lolemba Mayi Shah anandiitana. Anati madokotala abwera pakatha milungu isanu kudzawayeza, ndipo zikachitikanso, kapena akapezeka kuti sasamba, adzawasamutsira kuchipatala cha odwala mutu, kuwodi yokiya, kumene amapereka mankhwala ogonetsa. Ndinali nditaperekezako munthu kumalo amenewo. Chitseko chilichonse kumeneko n'chokiya, ndipo amachitseka munthu ali mkati. Ndinawauza kuti zisachitike, ndisintha masiku anga a ofu, ndizibwera tsiku lililonse losamba. Anavomera.

Lachinayi la sabata yomweyo bambo anu anagwa pamalo okwerera basi ku Thamesmead akupita kuntchito. Mtsempha wa m'mutu unaphulika. Anakhala kuchipatala masiku awiri osatsegula maso, ndipo Loweruka masana anatisiya. Zimenezi mukuzidziwa, munalipo, sindizibwereza. Iwo ananena kalekale kuti akadzafa adzagone kwawo ku Ntcheu pafupi ndi amayi awo. Mapepala onyamulira thupi anafuna masiku khumi ndi awiri, ndipo ine ndinayenera kukakhala kumudzi milungu isanu ndi umodzi. Madokotala aja akanabwera ine ndili ku Ntcheu.

Masiku odikira mapepala

Nyumba yathu inadzaza. Azimayi a kutchalitchi anachotsa mipando pabalaza n'kuyala matilesi, ine anandikhazika pakona nditafunda chitenje. Masiku anayi oyamba sindinaganize za Romford. Tsiku lachisanu Beauty anabwera kudzapepesa. Atalira nane, anandinong'oneza kuti Bambo Dawes sanasambe chichokereni ine, palibe akufuna kuwayandikira, ndipo Mayi Shah ayamba kale kulemba kalata.

M'mawa mwake ndinavala jasi pamwamba pa chitenje. Azakhali anu a Nachisale, achemwali a bambo anu, anaima pakhomo.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Kuntchito. Ndibwera masana."

"Kuntchito? Mchimwene wanga ali mufiriji, sanaikidwe, inu mukukwera basi kukasambitsa mzungu? Namfedwa amatuluka? Kapena London yakulowani m'mutu?"

"Ndamva, alamu. Ndibwera masana."

"Anthu akabwera kudzapepesa tiwauze chiyani? Kuti mwapita ku shifiti?"

"Muwauze choncho."

Sanandiyankhulitse bwino mpaka tinafika ku Ntcheu, ndipo sindiwaimba mlandu. Mwambo anaudziwa bwino, ine ndi amene ndinauphwanya.

Ndinakhala mu ofesi ya Mayi Shah pamodzi ndi Beauty. Choyamba ndinaulula kuti sinditha kulemba Chizungu, kuti zaka zonsezi ndinkangobwereza mawu atatu. Mayi Shah anangoti, "Ndinaona. Yankhulani, ndilemba ine." Ndinafotokoza za sitima ija kuyambira ku Scotland mpaka kwa ophwanya zitsulo, malo anayi aja ndi zizindikiro zake, zochita ndi zosachita. Beauty ankabwereza ngati mwana wa sukulu. "Nsapato na koko, kumpoto, osavula. Masupuni, padoko. Makalata, Beira. Mayo ine, nakalamba nayamba geography." Pomaliza ndinati chitseko cha bafa ndi cha chipinda chawo zisamatsekedwe iwo ali mkati, makamaka masiku a kum'mawa.

Mayi Shah anasiya kulemba. "Chifukwa chiyani?"

"Amaopa chitseko chotseka."

"Ambiri muno amaopa. Esnart, chitseko chimenecho ndi lamulo la moto, ndiponso lamulo la ulemu wa munthu. Ndikhoza kupempha chilolezo kuti tiike chogwirira chapadera ndi chotchinga, koma ayenera kuona chifukwa chenicheni, chimene dokotala angavomereze kuti ichi si chiwawa wamba. Ndikalemba kuti amaopa, adzati apatsidwe mankhwala. Ngati mukudziwa kanthu, ndiuzeni."

"Mukalemba, awerenga ndani?"

"Madokotala, antchito, ndi Susan. Ndi iye amasayina pepala la chisamaliro chawo."

Ndinapempha kuti ndituluke pang'ono. Ndinapita ku nambala 9. Ndinkafuna ndiwapeze ali ku Romford kuti ndiwapemphe okha andimasule. Ndinawapeza atakhala pabedi, ndevu zitamera, atavala nsapato ndi majuzi awiri, akununkha. Ndinafunsa kuti tili kuti. Anandiuza kuti ndisayime pafupi ndi m'mphepete, madzi oundana ndi oterera. Ndinadikira theka la ola, sanabwerere. Ndege yathu inali yonyamuka pakatha masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndinadziwa kuti kunyumba sadzandilolanso kutuluka.

Ndinaganiza motere, ndipo ndikulemba kuti mudziwe, osati kuti mundivomereze. Ndikasunga lonjezo, adzapita kuwodi yokiya, ndipo kumeneko tsiku lililonse lidzakhala tsiku la Len mpaka adzafe. Ndikaphwanya, adzatsala m'chipinda chawo, koma chinthu chimodzi chimene anachisunga moyo wawo wonse ndidzakhala nditachipereka ine, iwo osadziwa. Panalibe njira yachitatu imene ndinaiona. Mwina munthu wophunzira akanaipeza.

Ndinabwerera mu ofesi n'kuwauza. Ndinapempha kuti asalembe dzina la Len, ndiponso asalembe za kugogoda. Mayi Shah anavomera za dzina. Za kugogoda anati ndiye pagona nkhani, dokotala ayenera kudziwa chimene munthuyu amamva chitseko chikatsekedwa. Analemba kuti anthu awiri. Beauty sananene nthabwala iliyonse. Ndisanachoke ndinawapukuta Bambo Dawes kumaso ndi m'manja, ndinawapangira koko, n'kukwera sitima kubwerera kumaliro.

Nditabwera ku Ntcheu

Ndinabwerera kuntchito patatha milungu isanu ndi iwiri. Bambo Dawes anali mu nambala 9. Pachitseko chawo ndi cha bafa panali chogwirira chimene chimasiya chitseko chotsegula mpaka belu la moto litalira, ndi nsalu yotchinga yabuluu. Madokotala anabwera, anawerenga, ndipo anati atsale. Beauty ankawasambitsa kawiri pa sabata popanda vuto. Ngakhale aganyu ankawerenga pepala lija n'kumafunsa funso langa polowa.

Susan anandidikira pakhomo tsiku lachiwiri. Anayamba wandipepesa za bambo anu. Kenako anati anawerenga pepala lija asanasayine, ndipo sanafunikire kuuzidwa dzina, chifukwa amalume ake anafera pasitima imeneyo kum'mawa, pangozi ya moto. Anati anadikira tsiku labwino n'kuwafunsa bambo ake, ndipo iwo sanakane.

"Amayi anamwalira osadziwa," anatero. "Sindikudziwa ngati ndikuthokozeni, Esnart. Ndikudziwa kumene bambo akanakhala tsopano pakanapanda inu. Koma sindikudziwa." Ndinati palibe chifukwa chothokozera. Sanasiye kubwera Lamlungu lililonse. Zimene ankakambirana ndi bambo ake sindizidziwa.

Tsiku loyamba kuwaona, Bambo Dawes anali ku Beira. Anandilandira bwino, anandifunsa za makalata, ndinawameta. Tsiku lachiwiri anali padoko. Tsiku lachitatu ndinalowa ndi thawulo ndi lezala n'kufunsa monga mwa masiku onse.

"Tili ku Romford," anayankha. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndamva za amuna ako. Pepa."

"Zikomo, bambo."

"Ndinauza iwe wekha."

"Inde."

"Unalonjeza."

"Ndinalonjeza."

Ndinayamba kufotokoza za wodi yokiya ija, koma anakweza dzanja. "Susan anandiuza zonsezo. Ndikudziwa chifukwa chake. Mwina ndikanachita chimodzimodzi." Anatembenukira kuwindo. "Tuluka. Uitane winayo."

Ndinatuluka n'kuitana Beauty.

Miyezi khumi ndi isanu ndi itatu yotsiriza

Zinakhala choncho mpaka kumapeto. Akakhala pasitima sankakumbukira za lonjezo, ndinali Esi wawo, ndinkawapangira koko ndi kuwapatsa masupuni. Akakhala ku Romford ankakumbukira zonse, ndipo sankalola kuti ndiwakhudze. Sanandinyoze, sanakandinenere kwa Mayi Shah. Ankangoti ndituluke. Mayi Shah anafunsa ngati ndikufuna kusamukira khonde lapamwamba. Ndinakana, chifukwa masiku apasitima anali kuchuluka ndipo Beauty yekha sakanakwanitsa.

Anamwalira m'chipinda chawo chomwecho, masana, Susan ali pambali pawo. Ine ndinagwirabe ntchito zaka zina zinayi, za m'nthawi ya mliri ndidzazilemba padera. Kuwodi yokiya sanapiteko ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chawo chomaliza masiku abwino anachepa kwambiri. Pankatha milungu itatu, inayi, ali kumpoto, atavala nsapato, osamuzindikira ngakhale Susan. Milungu imeneyo ndinkalowa ndi kutuluka momwe ndafunira, ndipo sinkandisangalatsa. Tsiku labwino lomaliza limene ndikukumbuka linali la m'nyengo yozizira, kutatsala miyezi iwiri kuti amwalire. Ndinalowa ndi beseni la madzi ofunda, ndinafunsa funso langa osayembekezera kanthu. Anatsegula maso, anayang'ana denga, anayang'ana ine.

"Iwe," anatero. "Tuluka."

Ndinaika beseni pansi n'kupita kukhitchini. Beauty anali akudula buledi.

"Beauty, siyani izo mupite ku nambala 9. Ndipo muimbire foni Susan abwere msanga. Lero ali bwino."